Mmene Ndimawerengera Moto Umene Masipoti Amadya pa Batire

Pomanga masipoti, nyali zowonjezera pa galimoto zounikira patali, ndisanaboole bampala kapena kudula waya uliwonse, ndimayamba ndi cholembera. Mawati (W) a nyali ndimawagawa ndi mavoti (V) a galimoto, ndipo yankho lake ndi maampu (A) amene nyaliyo izikoka. Galimoto zing'onozing'ono ndi mapikapu ambiri zimayendera 12V, pomwe malole akuluakulu amayendera 24V, kotero nyali ya mawati ofanana imakoka theka la maampu ikakhala pa lole.

Titenge masipoti awiri a halogen, lililonse lokhala ndi babu la H3 la 55W. Onse pamodzi ndi 110W, ndipo tikagawa ndi 12 tikupeza maampu 9 ndi pang'ono. Mukaikamo mababu a 100W, ndiye kuti 200W, pafupifupi maampu 17. Nyali zakutsogolo zimene galimoto inabwera nazo, mababu awiri a H4 a 60/55W, zimadya maampu 10 zikakhala pa fulu. Apa mutha kuona kuti masipoti a 100W okha amadya moto wambiri kuposa nyali zenizeni za galimotoyo.

Pa nyali za LED, zazitali zija zomangirira pamwamba pa galasi kapena pa bampala, nambala yolembedwa pa katoni sindiikhulupirira. Opanga ena amangowonkhetsa mphamvu yonse imene timababu tam'katimo tingathe kupirira, mwachitsanzo timababu 40 ta 3W n'kulemba 120W, pomwe timababuto amatipatsa moto wocheperapo kuti tisapse msanga. Choncho ndimailumikiza ku batire ndisanaimange, n'kuyeza. Mita ikaonetsa maampu 6 batire ili pa 12.5V, nyaliyo ndi ya 75W basi, kaya katoni anene zotani. Samalani ndi mita yanu: ma multimeter ambiri amalekera pa 10A, ndipo mukapitirira pamenepo fyuzi yam'kati imapsa. Mita yopana waya ndiyo yabwino, koma onetsetsani kuti ikuyeza DC, chifukwa zambiri zotsika mtengo zimayeza AC yokha ndipo pa galimoto zimangoonetsa ziro.

Ndikadziwa maampu, ndimayang'ana batire. Moto umene batire imasunga amauyeza mu Ah, kutanthauza maampu kuchulukitsa ndi maola: batire ya NS60 ndi ya 45Ah, ya N70 ndi ya 70Ah. Koma batire yolizira galimoto siyenera kutsika kupitirira theka, chifukwa inapangidwa kuti ipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa n'kudzazidwanso nthawi yomweyo. Pa NS60 ndiye kuti muli ndi 22Ah yoti mugwiritse ntchito. Masipoti a 55W aja, injini ili chozima, amaimaliza m'maola awiri ndi theka. A 100W, ola limodzi ndi mphindi pang'ono. Ndipotu apa tikunena batire yatsopano yodzaza bwino. Nambala ya Ah imayezedwa potulutsa moto pang'onopang'ono kwa maola 20, kotero mukamaukoka mwamphamvu mumapeza wocheperapo, ndipo batire ya zaka zitatu ndiye n'kosayamba. Anthu akakupemphani kuti muwaunikire pa siwa kapena pokweza matumba usiku, dziwani kuti m'mawa galimotoyo ikhoza kukhala yokankha.

LED ili ndi kamsampha kake. Halogen, batire ikamafooka, kuwala kwake kumasanduka kwachikasu, ndipo mumadziwa kuti nthawi yozimitsa yakwana. LED ili ndi kachipangizo kosunga mphamvu yofanana, kotero mavoti akamatsika imawonjezera maampu amene ikukoka n'kumawalabe mbee mpaka sitata itakana kutembenuza injini. Poyeza batire, ndimadikira kuti ipumule maola angapo: 12.6V ndi yodzaza, 12.2V ili cha pa theka.

Injini ikamalira, amene akulipira motowo ndi alitaneta, chipangizo chopanga moto chimene injini imazunguza ndi lamba, batire imangodikirira. Kuti ndidziwe ngati alitanetayo akwanitse, galimoto ndimailiza n'kuisiya pa aidilo, kenako ndimayatsa zonse nthawi imodzi: nyali pa fulu, fani yam'kati pa sipidi yomaliza, mawaipa, ndi masipotiwo nditawalumikiza mongoyembekezera. Mita ndimaiika pa mitu iwiri ya batire. Popanda zonsezi, iyenera kuonetsa pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Zonse zitayaka, ikakhalabe pamwamba pa 13.5V, palibe vuto. Ikagwa pansi pa 13V, ndimaponda mafuta mpaka 2,000 rpm. Mavoti akakwera, ndiye kuti alitaneta akuchepa mphamvu pa aidilo pokha, ndipo galimoto yotere musamaiimike nthawi yaitali masipoti akuyaka. Akapanda kukwera, ndimayamba ndayang'ana lamba ngati akutsetsereka, ndisanaweruze kuti alitanetayo ndi wamng'ono.

Kulumikiza kwenikweni kumafuna rilei ya mapini anayi ya 30A kapena 40A, imene ndi switchi yoyatsidwa ndi moto wochepa koma yodutsitsa moto wambiri. Osadutsitsa maampu 17 pa switchi ya pa dashibodi kapena pa waya wa nyali zakutsogolo. Mawaya amenewo anawapimira katundu wawo kale, ndipo amatentha mpaka pulasitiki kusungunuka. Pini 30 imapita ku mutu wa + wa batire kudzera pa fyuzi, pini 87 imapita ku masipoti, pomwe 85 ndi 86 ndi za koilo yoyatsira rileiyo, imene imangodya maampu osakwana theka. Fyuzi ndimaiika pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 30, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya wonsewo ukakhuzika pa chitsulo. Kukula kwake ndimakweza pang'ono pamwamba pa maampu amene ndayeza: 15A pa masipoti a 55W, 25A pa a 100W. Waya wa 2.5mm² amakwana pa maampu 9, koma pa 17 ndimaika wa 4mm². Waya wochepa amadya mavoti panjira, ndipo halogen ikangosowa voti imodzi kuwala kwake kumatsika moonekeratu.

Moto woyatsira koilo ndimautenga pa waya wa fulu, kudzera pa switchi, kuti mukapanga dimu pokumana ndi galimoto ina masipoti azizima okha. Apa pali pokola. Ma Toyota ambiri akale amayatsa nyali podula mbali ya earth (ya -, yopita ku bodi) osati ya +, kotero waya wa fulu amakhala ndi moto ngakhale muli pa dimu. Mukalumikiza pini 85 ku bodi monga mwa masiku onse, masipoti amayaka nthawi yolakwika. Njira yake ndi kulumikiza 86 ndi 85 ku mapini awiri a soketi ya babu amene amayatsa fulu, osakhudza bodi.

Pomaliza ndimapala penti pamalo omangira earth mpaka chitsulo chiwale, n'kumanga ndi bauti. Kenako, masipoti akuyaka, ndimayeza mavoti pa batire ndi pa soketi ya nyali. Kusiyana kukaposa theka la voti, ndimatsata waya ndi dzanja kufunafuna polumikizira pamene pakufunda, chifukwa pamenepo ndi pamene moto ukutayikira.