Momwe tinapezera buloko yathu m'nkhalango ya Zomba-Malosa

Lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi yoyandikana ndi nkhalango ya boma kuisamalira limodzi ndi nthambi ya zankhalango. Ife a m'mphepete mwa Zomba-Malosa tinatsata njirayi nthawi ya IFMSLP, pulojekiti yosamalira nkhalango ndi kutukula miyoyo ya anthu ozungulira, imene ndalama zake zinkachokera ku European Union. Ine ndinali mlembi wa komiti.

Tinayambira kwa agulupu, chifukwa msonkhano woitanitsa wina aliyense anthu sabwerako. Pabwalo lawo ndi pomwe tinasankha komiti ya buloko (chigawo cha nkhalango chimene midzi imapatsidwa kuti isamalire), amayi ndi abambo. Kenaka tinayenda malire ndi alangizi a zankhalango, kutsata mitsinje ndi miyala, kuti mudzi uliwonse udziwe mbali yake.

Ntchito yokoma inali yowerenga za m'nkhalango. Alangizi anali ndi tepi ndi mafomu, ankayeza kukula kwa mombo ndi misuku. Koma amene ankadziwa pomera bowa, pomweta udzu wabwino wofolera ndi kasupe amene saphwa mu Okutobala anali amayi otola nkhuni. Fomuyo inalibe mzere wa zimenezi, ndiye ndinkazilemba kuseri kwake.

Polemba pulani ndi pomwe panavuta. Panabwera mlendo wina ndi malamulo olembedwa kale m'Chingerezi, akuti anagwira bwino ntchito kwina, ife tingosaina. Munali chindapusa choti munthu wa kuno sangachikwanitse ngakhale atagulitsa mbuzi. Lamulo lotere silitsatidwa: wa komiti sangagwire mlamu wake akudziwa kuti amusaukitsa, amangoyang'ana kumbali. Tinapempha kuti chiganizo chilichonse chiwerengedwe m'Chichewa pabwalo, anthu atsutse. Zinatenga nthawi, ena anakwiya, koma tinagwirizana tokha masiku otola nkhuni zouma, mtengo wa tikiti ya mtolo, ndi kuti m'mbali mwa mitsinje musalowe nkhwangwa.

Sindikunena kuti akunja anali osafunika. Mapu, maphunziro osunga kaundula wa ndalama ndi ming'oma ya njuchi sitikanazipeza patokha. Ndipo ootcha makala obwera usiku m'magulu sangaletsedwe ndi komiti ya m'mudzi popanda boma kumbuyo kwake.

Pomaliza pulani inapita ku ofesi ya zankhalango, ndipo mgwirizano unasainidwa pakati pa komiti ndi mkulu wa nthambiyo. Nthaka ikadali ya boma. Ife tinalandira ufulu wogwiritsa ntchito ndi udindo wolondera. Ndalama za matikiti zimagawidwa, gawo lalikulu limatsala ku buloko.

Pulojekiti itatha, alawansi inathanso, ndipo amene ankabwerera alawansiyo anasiya misonkhano. Malamulo amene tinakangana nawo pabwalo aja ndi amene anthu akuwatchulabe akagwira munthu ndi mtengo wauwisi. Ngati mudzi wanu ukuyamba njirayi, sungani kope la mgwirizano kwa amfumu, ndipo kaundula wa ndalama aziwerengedwa pagulu, osati m'nyumba mwa msungichuma.