Noti imodzi, makutu awiri osagwirizana: momwe medical aid inabwezera ndalama zanga

Ndimayimba tenala mu kwaya ya mpingo wathu kuno ku Johannesburg, ndipo vutoli ndinalizindikira Lachisanu lina madzulo tikuphunzira nyimbo. Mnyamata wa pakiyibodi akagunda noti imodzi, ine ndinkamva ziwiri. Khutu lakumanja linkamva yoyenera, lakumanzere linkamva yotsikirako pang'ono, ngati anthu awiri akuyimba mosemphana m'mutu mwanga. Ndinapempha kuti aione kiyibodiyo. Inalibe vuto.

Ndinadikira masabata awiri ndikuganiza kuti ndi chimfine. Apa ndinalakwitsa. Khutu likasintha mwadzidzidzi pitani kuchipatala msanga, chifukwa pali kugontha kwina kwadzidzidzi kumene mankhwala ake amathandiza bwino akayambidwa m'masiku oyambirira.

Mayi woyeza makutu, amene kuno amati audiologist, anayamba ndi kusuzumira m'khutu kuti aone ngati muli phula kapena mafinya. Munalibe. Kenako anandilowetsa m'kachipinda kosalowa phokoso, nandiveka mahedifoni, n'kumandiyimbira timawu tokwera ndi totsika, kuyambira 250 mpaka 8000 Hz (muyeso wa kukwera kwa liwu), ine n'kumadina batani ndikamva. Pomaliza anaika liwu limodzi kukhutu lakumanja n'kumasintha lakumanzere mpaka nditanena kuti tsopano zafanana. Manambala a mbali ziwirizo sanafanane. Anati dzina lake ndi diplacusis. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo malo aliwonse m'kachiwaloko amamva liwu lakelake. Mbali ina ikawonongeka, kaya ndi phokoso la makina, kaya ndi matenda a mkati mwa khutu monga a Ménière, khutulo limatumiza ku ubongo noti yosiyana ndi ya linzake. Ine ndagwira ntchito pafupi ndi makina odula zitsulo kwa zaka zambiri.

Ndinalipira ndi ndalama za m'thumba, ndikudziwa kuti medical aid ya kuntchito, yomwe ndi inshuwalansi ya zachipatala, idzandibwezera. Risiti imene ndinatenga pakauntala inali ndi mtengo ndi tsiku, koma mpata wa khodi ya matenda unali wopanda kanthu. Ku South Africa, kuyambira mu 2005, claim iliyonse, kapena kuti pempho loti medical aid ilipire, imayenera kukhala ndi khodi ya ICD-10, yomwe ndi nambala yoimira matenda amene mwapezeka nawo. Ndinafufuza pa intaneti, ndinapeza H93.222, yolembedwa kuti diplacusis ya khutu lakumanzere. Inkaoneka yolongosoka bwino kwambiri. Ndinailemba ndi cholembera pa risitipo, ndinajambula, n'kutumiza pa app ya medical aid.

Anaikana. Uthenga unangoti khodi si yovomerezeka.

Zimene ndinamva nditaimbira foni a medical aid, komanso nditabwerera kwa mayi aja, ndi izi. Mabuku a ICD-10 alipo amitundu yosiyana. America ili ndi lakelake, lotchedwa ICD-10-CM, limene anayamba kugwiritsa ntchito pa 1 October 2015. M'menemo ndi momwe diplacusis inagawidwa: H93.221 khutu lakumanja, H93.222 lakumanzere, H93.223 onse awiri, H93.229 pamene sanatchule khutu. Masamba ambiri a pa intaneti ndi a ku America, n'chifukwa chake manambala amenewa ndi amene amatulukira koyamba. South Africa imatsata buku la World Health Organization, ndipo m'buku limenelo diplacusis ilibe nambala yakeyake. Ili pansi pa H93.2, pamodzi ndi mavuto ena a kamvedwe kosokonekera, monga hyperacusis, pamene phokoso wamba limapweteka m'khutu. Kompyuta ya medical aid itaona manambala awiri owonjezera aja, sinawapeze pa mndandanda wake.

Chachiwiri n'chakuti khodi salemba wodwala. Amalemba ndi amene wakuyezani, chifukwa ndi iye amene akuikira umboni za matendawo. Mayi aja sanandikalipire. Anatulutsa invoice yatsopano pa kompyuta, ndipo anaika makhodi awiri. Yoyamba inali H90.4, kutanthauza kusamva bwino kochokera mkati mwa khutu limodzi pamene linalo likumva bwinobwino. H93.2 inabwera pambuyo. Anandifotokozera kuti kumva noti ziwiri ndi chizindikiro chabe, ndipo gwero lake ndi limene limakhala patsogolo. Mfundo imeneyi inandigwira mtima, chifukwa ine ndinkadandaula za nyimbo, pamene pepala la zotsatira linkaonetsa kuti khutu lenilenilo layamba kufooka.

Tisanasiyane tinawerenga invoice ija limodzi mzere ndi mzere: dzina langa monga lilili pa khadi, dzina la medical aid ndi nambala yanga ya umembala, practice number yawo (nambala imene analembetsera ntchito yawo), tsiku limene anandiyeza, khodi ya ntchito iliyonse imene anachita ndi mtengo wake, ndipo pambali pa mzere uliwonse khodi ya ICD-10. Ndinaphatikizapo risiti yosonyeza kuti ndinalipira kale, kuti ndalama zibwere kwa ine, zisapite kwa iwo.

Masiku nawonso ndi ofunika kuwawerenga. Malamulo a pansi pa Medical Schemes Act ya 1998 amapereka miyezi inayi yotumizira claim kuchokera pamene munathandizidwa. Medical aid ikaona cholakwika iyenera kukudziwitsani pasanathe masiku 30, ndipo inu muli ndi masiku 60 okonza ndi kutumizanso. Ikakana popanda chifukwa chomveka, mumayamba mwadandaula kwa iwo eni, ndipo zikakanika mumapita ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid. Ine sindinafike kumeneko. Ndinatumizanso tsiku lomwelo, ndinalemba nambala ya foni imene ndinaimba ndi reference number imene anandipatsa, ndipo ndalama zinalowa mu akaunti mwezi usanathe. Anazichotsa ku thumba la zolipira za tsiku ndi tsiku, osati la kugonekedwa m'chipatala.

Mayi aja anandilembera kalata yopita kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi, poti khutu limodzi lokha likafooka pamafunika kufufuza chifukwa chake. Kuntchito ndimavala zotseka m'makutu tsiku lonse tsopano. Ku kwaya ndinapempha aphunzitsi athu kuti ndiziima kumapeto kwa mzere chakumanzere, kuti khutu lakumanja liziloza kwa anzanga a tenala.