Sabata yoveka mphete timbalame ku Fort Morgan

Lolemba tinafika pamalo kusanache, udzudzu uli ng'waa, nkuyamba kupachika misampha. Msampha wake ndi kakhola ka waya, mkati muli botolo la madzi a shuga, kapu imodzi ya shuga makapu 4 a madzi basi, osathira kala. Kambalame kakalowa kudzamwa timatseka chitseko ndi chingwe tili patali.

Timbalame take ndi ma ruby-throated hummingbird. Amene munakulira kumudzi ganizani choso chomwe chimayamwa maluwa chija, koma si mtundu umodzi, izi ku Africa kulibe. Kamodzi kamalemera magalamu atatu okha. Zimaswana kummawa kwa America mpaka Canada, ndiye Seputembala ngati ino zikutsikira ku Mexico ndi Central America. Fort Morgan ndi kansonga ka mchenga ku Alabama, dziko la America, kutsogolo kwake ndi nyanja yokhayokha, Gulf of Mexico, makilomita pafupifupi 800 popanda potera, ndipo zina zimawoloka ulendo umodzi maola 18 kapena kuposa.

Mphete zimachokera ku Bird Banding Laboratory, ofesi ya boma la America yoona zoveka mbalame mphete, ku Maryland, ndipo popanda chilolezo chawo simungagwire kambalame aka. Zimabwera zodindidwa pa kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu, chilembo chimodzi ndi manambala 5, timadula tokha ndi kupinda tokha, madzulo a Lolemba onse ndinathera pamenepo maso mpaka kuwawa, chifukwa mphete ikatsala ndi kakuthwa imacheka mwendo.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinabwera zambiri, makamaka ana a chaka chino. Amuna akuluakulu a khosi lofiira aja amanyamuka msanga, ambiri anadutsa kale. Mwana timamudziwa poyang'ana mlomo ndi kagalasi kokuzira, umakhala ndi timizere ngati makwinya, wa wamkulu ndi wosalala. Chovuta ndi kusiyanitsa kamwana kamphongo ndi kakakazi poti tonse mchira uli ndi nsonga zoyera, pamenepo timayang'ana nthenga ya nambala 6 ya phiko. Kamodzi ndinakayikira, amayi omwe amatitsogolera anangoti yang'ananinso bwinobwino, ngati simukutsimikiza lembani kuti sizikudziwika. Ndinalemba choncho.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi mafuta. Kambalame timakakulunga mu kansalu ka sokosi ya nayiloni, kuika pa sikelo, kenako kupemerera nthenga za pakhosi ndi pamimba ndi kapaipi komwera zakumwa kuti khungu lioneke. Ngati kanenepa mumaona mafuta achikasu atatukuka pansi pa khungu, ndiwo kamba wa paulendo amenewo. Kena kamafika magalamu 5 kapena 6, kuwirikiza thupi lake, mukakagwira kamamveka fwafwa ngati kampira. Kena mumapeza fupa la pachifuwa lili njo, mafuta mulibe, ndiye mumadziwa kuti aka kakayesa nyanja lero sikafika. Timakamwetsa madzi a shuga kali mdzanja, lilime likutuluka nkulowa mwachangu, mtima ukugunda pachala ngati kainjini, kenako kutambasula dzanja. Zonsezi mphindi zochepa, sitimafuna kukasunga nthawi.

Lachinayi mvula ndi mphepo yochokera kunyanja, tinatseka misampha 9 koloko. Kambalame konyowa sitigwira. Ndinakhala pa kompyuta kulowetsa manambala.

Anthu amaganiza mphete ili ndi GPS, ayi. Timadziwa za kambalame pokhapokha wina akakagwiranso nkuwerenga nambala, ndipo kugwidwanso kutali ndi pomwe kanavekedwa zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Nchifukwa chake Lachisanu ndinasangalala zedi. Kanalowa kakakazi kali ndi mphete kale, nditawerenga ndinapeza ndi komwe ndinaveka ndekha Lolemba, tsiku limenelo kanali magalamu 3.1 mafuta pang'ono, pano 4.2. Masiku anayi okha, pa maluwa ndi tizilombo ta m'tchire lomwelino la m'mphepete mwa nyanja, lomwe anthu akuthothola kumanga nyumba zochezera. Ndinaitana amayi aja, anabwera kudzapemerera okha, anati aka katsala pang'ono.

Usiku wa Lachisanu mphepo inatembenuka, kuyamba kuchokera kumpoto, kukazizira. Loweruka mmawa tinapachika misampha monga mwa masiku onse, kufika 11 koloko tinali tagwira 7 tokha, tonse topanda mphete. Kakakazi kaja sikanabwerenso.