Mmene Ndinakonzekera Intavyu ya Ntchito Yolemba Mapulogalamu

Munthu akhoza kugwira bwino ntchito yolemba mapulogalamu a pakompyuta kwa zaka zambiri koma n'kulephera intavyu ya ntchito yomweyo, chifukwa zomwe amafunsa kumeneko si zomwe timachita tsiku ndi tsiku mu ofesi. Pamene ndinaganiza zofunsira ntchito ku kampani ina ya ku Johannesburg, yomwe imalola antchito ake kugwira ali kwawo, ndinali nditazolowera kulemba mapulogalamu m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Python olumikiza masitolo a ku Lilongwe ndi njira zolipirira pafoni monga Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ntchitoyo ndinkaidziwa, koma ndinafunika kuphunzira kuonetsa luso langa kwa anthu osandidziwa, m'nthawi yochepa, iwo akundiyang'ana.

Ndinayamba ndi CV komanso tsamba langa la GitHub, webusaiti yomwe olemba mapulogalamu amasungirapo ndi kuonetserapo ntchito zawo. Mu CV ndinasiyamo zokhazo zomwe ndikanatha kuyankha atandipanikiza nazo mafunso, ndiye kuti Python, JavaScript, SQL ndi Git. Pa GitHub ndinasiyapo mapulojekiti ochepa, iliyonse ili ndi README yofotokoza ntchito yake ndi mmene munthu angaiyendetsere pa kompyuta yake. Code (malangizo olembedwa omwe amapanga pulogalamu) ya kampani yomwe ndinkagwirako sindinaikepo, popeza si yanga. Kucheza koyamba ndi mkulu woona zolemba antchito kunali kwachidule, ndipo kunakhudza ntchito zomwe ndinagwirapo, malipiro omwe ndinkayembekezera ndi tsiku lomwe ndikanatha kuyamba.

Gawo lomwe linandidyera nthawi linali lokonzekera mayeso olemba mapulogalamu a pa webusaiti ya HackerRank, omwe amakhala ndi malire a nthawi. Ndinkayeserera pa LeetCode, webusaiti ina ya mafunso otere, madzulo ndikaweruka, koma sindinkangotola mafunso mwachisawawa. Ndinkatenga mutu umodzi, monga hash map (kasungidwe kothandiza kupeza chinthu msanga osafufuza mndandanda wonse), binary search (kufufuza podula pakati mndandanda wosanjidwa) kapena recursion (kuthetsa vuto poligawa m'timavuto tofanana nalo), n'kukhala nawo mpaka nditayamba kuuzindikira ngakhale funso litabwera m'maonekedwe ena. Pali funso lotchuka lomwe amakupatsa mndandanda wa manambala n'kukuuza kuti upeze awiri omwe ukawaphatikiza akupereka nambala inayake. Njira yomwe imabwera msanga m'mutu ndi yoyesa nambala iliyonse ndi inzake iliyonse, koma manambala akakhala 10,000 ndiye kuti kompyuta ikhoza kuyesa maulendo pafupifupi 50 miliyoni. Ukamasunga mu hash map nambala iliyonse yomwe wadutsa, umangoyenda kamodzi m'mndandanda wonsewo, popeza pa nambala iliyonse umangoona ngati inzake yofunikayo waisunga kale. N'chimodzimodzinso ndi binary search: pa mayina 1,000,000 osanjidwa motsatira zilembo, kudula pakati mobwerezabwereza kumakufikitsa pa dzina lomwe ukufuna m'masitepe osapitirira 20. Zimenezi ndi zomwe amafuna akamafunsa za Big O, njira yoonetsera mmene masitepe a pulogalamu amachulukira zinthu zikamachuluka, ndipo ndinaona kuti kuloweza mayankho n'kosathandiza, chifukwa wofunsa akangosintha mbali imodzi ya funso, woloweza amasowa pogwira.

Nditadutsa pamenepo anandiitana ku intavyu yolemba code iwo akuona, kudzera pa Google Meet. Kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Wofunsa saona zomwe zili m'mutu mwako, choncho ukakhala chete kwa mphindi zingapo sadziwa ngati ukuganiza kapena wasokonezeka. Ndinapempha mnzanga wina wa ntchito yomweyi kuti azindifunsa ngati mlendo, ndipo ndinazolowera kulankhula m'Chingerezi kwinaku ndikulemba, zomwe si zophweka kwa munthu yemwe maganizo ake amayenda m'Chichewa. Pa tsikulo ndinayamba ndi kubwereza funso m'mawu anga, kenako ndinafunsa ngati mndandanda ungakhale wopanda kanthu ndiponso ngati manambala angabwerezedwe. Ndinatchula njira yosavuta ija poyamba, ndinanena chifukwa chake ingachedwe, ndipo pambuyo pake ndinalemba njira yachangu. Nditamaliza ndinaiyesa ndekha ndi zitsanzo zing'onozing'ono ndisananene kuti ndatha. Pamalo ena wofunsayo anandilozera mzere wina n'kufunsa ngati ndakhutira nawo, ndipo funso lotere ndi thandizo lomwe munthu ayenera kulilandira modekha m'malo moyamba kudziteteza.

Pa gawo la system design (kukonza mmene mbali zonse za pulogalamu yaikulu zingagwirire ntchito limodzi) ndi pomwe ntchito ya kuno kwathu inandipindulira. Anandiuza kuti ndifotokoze mmene ndingamangire njira yolandirira ndalama pa intaneti, ndipo ndinapita molunjika ku vuto lomwe aliyense wolemba mapulogalamu a zolipira amalidziwa: kasitomala wadina kuti alipire, netiweki yaduka yankho lisanafike, iye n'kudinanso kachiwiri. Ndinafotokoza kuti pempho lililonse lolipira liyenera kukhala ndi nambala yakeyake yosungidwa mu database (nkhokwe ya zolembedwa ya pulogalamu), kuti seva (kompyuta yolandira mapemphowo) ikalandiranso nambala yomweyo ingobweza yankho loyamba lija osadulanso ndalama. Ndinaonjezera za kusunga mapempho pamzere pamene kampani ya foni sikuyankha, komanso za kufananitsa mabuku athu ndi a kampani ya foni tsiku likatha. Ndikukhulupirira kuti olemba mapulogalamu a ku Malawi amadzichepsa pa nkhani imeneyi, chonsecho kumanga zinthu zogwira ntchito pa netiweki yodukaduka ndi luso lomwe makampani akunja amalifuna.

Za magetsi ndi intaneti ndinazikonzeratu dzulo lake: laputopu yodzaza moto, bandulo yokwanira pa malaini awiri osiyana, ndi chipinda chopanda phokoso. Nthawi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi ya kuno, koma amene akufunsira ntchito ku London aonetsetse bwino, popeza kumeneko amatsalira ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha.

Kucheza komaliza kunali ndi mtsogoleri wa gulu lomwe ndinkalowa, yemwe anafuna kumva mmene ndimachitira ndikasemphana maganizo ndi mnzanga pa code review, ndiye kuti pounikirana code yomwe talemba. Nanenso ndinafunsa mmene amayesera code isanapite kwa makasitomala ndiponso yemwe amadzutsidwa usiku seva ikagwa. Kalata ya ntchito itabwera ndinaiwerenga mofatsa, ndinafunsa ngati malipiro azibwera mu randi kapena mu dola komanso ngati msonkho ndizilipira ndekha ku MRA, ndipo atandiyankha zonsezi polemba ndinasayina.