Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Blantyre Winayo

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinali nditangopeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, nditakhala miyezi inayi ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Chinali chaka cha 2008. Lolemba lina m'mawa abwana anandipatsa pepala la mayina a anthu oti ndiziwayendera, ndipo pansi pa dzina lachitatu panalembedwa kuti Blantyre. Ndinaliyang'anitsitsa pepalalo mtima ukugunda. Ine ndinabadwira ku Ndirande, ubatizo wanga unachitikira ku St Michael and All Angels. Kusukulu aphunzitsi anatiuza kuti dzina la mzinda wathu linachokera kwawo kwa David Livingstone, ife n'kuloweza kuti tikhoze mayeso. Sizinandifikepo m'mutu kuti ndi malo oti munthu n'kugula tikiti, n'kukwera sitima, n'kukatsikako.

Sitimayo ndinakwerera ku Glasgow Central, kunsi kwa siteshoni, ndipo ulendo wake sunakwane theka la ola. Njira yonse ndinkayembekezera mzinda waukulu, poti kwathu timadziwa kuti kholo silichepa kwa mwana wake. Nditatsika ndinapeza kasiteshoni kachete, mvula yowaza, ndi msewu umodzi waukulu wotchedwa Glasgow Road wokhala ndi sitolo ya Asda ndi timashopu tingapo. Limbe payekha ndi wamkulu. Eni ake satchulanso dzinalo monga timachitira ife, amalimeza kumapeto, kumveka ngati akuti "Blanta".

Agogo amene ndinkakawaonawo ankakhala okha kumtunda, ku High Blantyre. Anali ndi zaka 86, miyendo itatha mphamvu koma mutu uli bwinobwino. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira phala la oats ndi kuonetsetsa kuti amwa mankhwala. Tsiku loyambalo ndikuwapesa tsitsi anandifunsa kwathu. Nditayankha kuti ku Blantyre, ku Malawi, anatembenuka n'kundigwira dzanja osalisiya. Anati ali mwana, ku Sande sukulu ankasonkha timakobidi totumiza ku mishoni ya kwathuko, ndipo sanaganizepo kuti mwana wa kumeneko adzawapesa tsitsi paukalamba. Kuyambira pomwepo ankanditchula kuti "hen". Poyamba zinandidabwitsa, poti mawuwo amatanthauza nkhuku yathadzi, koma ku Scotland ndi momwe amayi achikulire amaitanira mtsikana amene amukonda. Ine ndinkangoti agogo, ndipo anawazolowera mawuwo mpaka kumavomera.

Pansi pa mpando wawo pankakhala chitini chakale cha mabisiketi chodzaza zithunzi. Ndikatsiriza ntchito mphindi zikadalipo, ndinkatereka ketulo, iwo n'kutsegula chitinicho. Blantyre amene ndinamudziwa ine ndi wa m'chitini chimenecho. Anandionetsa Glasgow Road wakale, nyumba zosanja zamiyala mbali zonse ziwiri, pansi mashopu, pamwamba mabanja. Zambiri mwa nyumbazo anazigwetsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo agogo akamafotokoza ankaloza ndi chala pachithunzi: apa panali wogulitsa nyama, apa wosoka nsapato, apa ndi pamene ndinakumana ndi malemu amuna anga. Nambala yawo ya umembala ku sitolo ya Co-op, imene amayi awo ankawatuma nayo ali kamtsikana, ankaitchula pamtima osaphonya, chonsecho chimene adya dzulo ankachiiwala.

Amuna awo anali a mumgodi wa malasha, monganso bambo awo ndi agogo awo. Ankasimba za bafa lachitsulo limene ankaliika kutsogolo kwa moto madzulo aliwonse, mwamuna atabwera ali bii, maso ndi mano okha mbee. Ankasimba za tsiku lochapa, mabanja akusinthana kanyumba kamodzi kochapiramo kuseri, ndi momwe mayi ankathamangira kukaanula zovala mphepo ikabweretsa mwaye. Pachithunzi china anandionetsa manja a amuna awo, n'kunena kuti zipsera za munthu wa mumgodi zimakhala zobiriwira ngati mphini, chifukwa fumbi la malasha limatsekeredwa m'bala likamapola. Moyo umenewo unali wowawa, iwonso sankabisa. Koma ankausowa. Ankati masiku amenewo chitseko sichinkakhomedwa, ndipo pakagwa maliro mdadada wonse unkaphika.

Ine ndinkafuna kumva za Livingstone. Iwo ankangoti anali mwana wa kumunsi, kumtsinje, n'kubwerera ku nkhani ya mgodi. Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti chimene chili pamtima pa anthu akale a m'tauni imeneyi ndi tsiku lina la mu 1877.

Linali Lolemba m'mawa, pa 22 Okutobala. Mpweya woyaka umene umatuluka m'malasha unadzaza m'migodi nambala 2 ndi 3 ya kampani ya William Dixon ku High Blantyre, ndipo utakumana ndi moto unaphulika. Amuna ndi anyamata opitirira 200 anathera pansi pomwepo, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 11. Mpaka lero palibe ngozi ya mumgodi ku Scotland imene inapha anthu ambiri kuposa imeneyi. Inasiya amayi amasiye 92 ndi ana pafupifupi 250 opanda bambo. Agogo a agogo angawa, amayi a mayi awo, anali kamwana nthawi imeneyo, ndipo bambo awo anali m'gulu la otsikira pansi m'mawa umenewo. Chimene ankakumbukira moyo wawo wonse ndi kugwedezeka kwa mbale pashelefu, kenako amayi onse a mumzere wa nyumbazo akuthamangira kumgodi opanda nsapato.

Pofika apa agogo ankatsitsa mawu. Nyumba zimene mabanjawo ankakhala zinali za kampani, ndipo wokhalamo ankayenera kukhala wantchito. Patangopita miyezi yowerengeka, mu Meyi 1878, amayi amasiye 34 anatulutsidwa m'nyumbazo pamodzi ndi ana awo. Ndinakhala chete kapu ili m'manja, tiyi mpaka kuzizira. Ndinawerengera zaka: amishoni a Church of Scotland anatcha malo athu dzina la Blantyre mu 1876. Ndiye kuti patangotha chaka chimodzi dzinalo litafika pansi pa phiri la Ndirande, kumene linachokerako kunali maliro nyumba ndi nyumba. Zimenezi palibe anatiuzapo kusukulu.

Ndinawauza nanenso za agogo anga aamuna, amene anapita ku Joni pa Wenela ali mnyamata n'kubwerako ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Ndinawauza za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu akwathu opitirira 70 akuchokera kumigodi, ndiponso kuti ku Blantyre kwathu malo okwerera mabasi timawatchabe kuti pa Wenela. Agogo anamvetsera osandidula. Pamapeto anangofunsa ngati agogo anga aakazi ankagona tulo amuna awo ali kumeneko. Ndinati sindikukhulupirira. Anagwedeza mutu, n'kuti iwonso zaka zonse amuna awo ali pashifiti yausiku sanagonepo tulo tokwanira.

Kwa Livingstone ndinapitako ndekha Loweruka lina. Kuchokera pasiteshoni ndi kuyenda pang'ono kutsetserekera ku mtsinje wa Clyde. Nyumbayo imatchedwa Shuttle Row, yoyera, yosanja, ndipo inamangidwira antchito a fakitale ya thonje imene David Dale anayambitsa mu 1785. Munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Inasanduka nyumba yachikumbutso mu 1929. Panja pali chifanizo chachikulu cha mkango ukumugwetsa pansi Livingstone, ndipo alendo ambiri amajambulitsa pamenepo. Ine chimene chinandigwira mtima ndi chipinda chimene anabadwiramo pa 19 Malichi 1813. Ndi chaching'ono ngati zipinda za lendi za ku Ndirande. Mabedi ndi olowa m'khoma, pophikira ndi pomwepo, ndipo makolo ndi ana onse ankagona mmenemo. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali.

Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito mufakitalemo, yolumikiza ulusi ukaduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akatero n'kupita kusukulu maola ena awiri. Buku ankaliika pamakina kuti aziwerengako mzere umodziumodzi akamadutsa. Kwathu timamudziwa ngati mzungu wamkulu amene anafika kunyanja mu 1859, wa m'mabuku ndi m'maina a malo. Kuno ndinamuona ali mwana wa amphawi, wa mapazi otopa, wodzuka kukadali mdima belu la fakitale likalira. Ndikunena zoona, ndinayamba kumulemekeza kwambiri nditaona chipinda chija kuposa momwe ndinkachitira ndi zonse za m'kalasi. Nditatuluka ndinakaima pamlatho wa anthu oyenda pansi wowolokera ku Bothwell, ndikuyang'ana madzi akuda a Clyde akusefukira pakhoma limene kale linkapatutsira madzi kufakitale. Fakitaleyo kulibenso, kwangotsala mitengo ndi phokoso la madzi.

Okutobala wa chaka chimenecho atafika, agogo anandipempha chinthu chimodzi. Ankafuna kukafika pachipilala chokumbukira anthu a mumgodi aja, chimene chinaimikidwa ku High Blantyre mu 1977 pokwanitsa zaka 100. Panali patapita zaka zitatu asanapiteko chifukwa cha miyendo. Nditapempha chilolezo kwa mwana wawo wamkazi, ndinawaveka majuzi awiri, chipewa ndi bulangete pamiyendo, n'kuwakankha panjinga yawo. Kunkazizira koopsa, masamba achikasu ali mbwee mumsewu. Titafika sanapemphere mokweza ndipo sanalire. Anangotchula dzina la kholo lawo lija kamodzi, n'kukhala duu manja ali pabulangete.

Pobwerera, tili pakati pa njira, anandiuza kuti ndiime. Anati, "Hen, tandiuza, Blantyre wakoyo ali ndi mapiri?" Ndinati alipo, agogo, atatu akuluakulu ozungulira mzinda. Anati ndiwatchule. Ndinatchula Ndirande, Soche, Michiru. Anabwereza limodzilimodzi, lilime likukana pa Ndirande, mpaka analitchula bwino kachitatu. Kenako anakoka bulangete n'kuti tiyeni, ketulo ikutidikira.

M'gawo lotsatira ndidzasimba za Khirisimasi yanga yoyamba kumeneko, ndi foni imene inandipeza usiku kuchokera ku Ndirande.