Phewa la Mayweather ndi mpanda wa eni ake

Magetsi anazima ometa atangomaliza mbali imodzi ya mutu wanga. Munthu wamkulu sungadutse pamsika kumanzere kuli mpala kumanja kuli tsitsi, ndiye tinangotulutsa benchi panja n'kumadikira: ine, alamu anga, ometawo ndi anyamata angapo amene anali pamzere.

Anayambitsa ndi alamu. Pakhoma la ometawo pali chithunzi chakale cha Mike Tyson, ndipo iwo anachiloza n'kunena kuti nkhonya zinathera pa munthu ameneyu, otsalawa ndi ovina. Floyd Mayweather ndiye anamutchula kuti wothamanga mpikisano amene anasochera n'kulowa m'ringi.

Ine Tyson sindimunyoza, ndipo ndinayamba ndi kumupatsa zake. Anali wamfupi pakati pa zimphona, choncho Cus D'Amato anamuphunzitsa kaimidwe ka peek-a-boo: magolovesi onse pamasaya, zigongono zitamatira kunthiti, maondo opinda, mutu osakhala malo amodzi. Akalowa pansi pa jab ya mnzake (chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo) ankamenya hook yamanja (chibakera chokhota chodzera m'mbali) m'nthiti, kenako mkono womwewo n'kukwera ndi uppercut (chibakera chochokera pansi) kuchibwano. Ndi mmene anatengera lamba kwa Trevor Berbick mu 1986 ali ndi zaka 20, ndipo Michael Spinks mu 1988 anangotha masekondi 91.

"Ndiye mukutsutsa chiyani, alamu?"

Ndinati kamenyedwe kameneka kamadya miyendo ndi chiuno. Tsiku limene mutu wasiya kuyenda, wangotsala munthu wamfupi woima kutsogolo kwa munthu wamtali. Buster Douglas ku Tokyo mu 1990 sanachite zamatsenga ayi. Ankaponya jab, nthawi zina ziwiri motsatizana, n'kutsatiza lamanja, Tyson akafika pafupi n'kumugwira. Diso la Tyson linatupa, ndipo m'raundi ya 10 anali pansi akufunafuna gumshield, kachipangizo ka m'kamwa koteteza mano. Evander Holyfield mu 1996 anamukankha n'kumubweza m'mbuyo mpaka refa analetsa m'raundi ya 11. Lennox Lewis mu 2002 anamumaliza m'raundi ya 8.

Alamu anadzuka pabenchi. "Douglas anagwa m'raundi ya 8! Refa anawerenga mwaulesi. Akanawerenga bwino, nkhani inathera pompo." Sungani mawu amenewa, muwafuna kutsogoloku.

Kenako tinafika pa Mayweather. Ndinati munthu wamenya nkhonya 50 osagonja ngakhale kamodzi, pakati pake pali Oscar De La Hoya, Miguel Cotto, Canelo Álvarez ndi Manny Pacquiao. Pa ya Pacquiao mu 2015 majaji analemba mapointi 118-110, 116-112 ndi 116-112 mokomera Mayweather. Alamu anati Mayweather anadikira dala mpaka Pacquiao atagwetsedwa chafufumimba ndi Juan Manuel Márquez mu 2012. Ometa anawonjeza kuti iwo anadzuka m'bandakucha, n'kulipira pakhomo kuti aonere, koma tulo tinawapeza raundi ya 6 isanakwane. Ndinawayankha kuti vuto lawo amaonera nkhonya ngati ndewu ya kumowa, kumene wopambana ndi amene wang'amba malaya a mnzake. Jaji amawerenga zibakera zofika bwino, osati zothera pamkono kapena m'malere. Ndinawakumbutsanso za Isaac Chilemba wathu yemwe, amene anamaliza maraundi 12 ndi Sergey Kovalev mu 2016 komanso ndi Dmitry Bivol mu 2018. Anagonja pamapointi inde, koma kuti ufike belu lomaliza ndi anthu amenewo pamafunika kudziwa kubisa chibwano.

"Kubisa chibwano ndi phewa? Zimenezo n'za pa TV," anatero alamu.

Apa m'pamene ndinavula jekete.

Shoulder roll, njira ya Mayweather yodzitchinga ndi phewa, imayenda motere, ndipo ndinawafotokozera ndikuchita. Phazi lamanzere kutsogolo, thupi cham'mbali kuti mdani aone phewa osati chifuwa. Mkono wamanzere umatsika n'kugona chopingasa pamimba, ndiwo umateteza nthiti. Phewa lamanzere limakwera, chibwano n'kubisala kuseri kwake. Dzanja lamanja limakhala pafupi ndi tsaya, ntchito yake kugwira jab ndi kutchinga hook. Kulemera kwa thupi kumapendekera pang'ono kuphazi lakumbuyo. Mdani akaponya lamanja, supita kulikonse: umangopotoza chiuno kumanja pang'ono, chibakera chimatsetsereka paphewa, ndipo kupotoza komweko kwakukokera kale dzanja lako lamanja kumbuyo, langotsala kubwerera kunkhope kwake. Ambiri amalakwitsa ziwiri. Amapotoza msanga, mdani n'kuona n'kusintha njira, kapena amatembenuka mopitirira mpaka maso kuchoka pa mdani.

Tinakulunga zibakera za alamu ndi matawulo a ometa. Anaponya lamanja pang'onopang'ono, linatsetsereka. Ndinati awonjezere mphamvu, linatsetserekanso, ine n'kuwagunda pamphuno ndi chala kuti adziwe pamene yankho likanafikira. Anyamata anaimba m'manja. Amayi ogulitsa tomato anayamba kusendera. Wakabaza wina anaimitsa njinga, kasitomala ali pakaliyala.

"Alamu ndi okalamba," ndinatero. "Abwere wina aliyense, aponye mmene angathere."

Ometa anang'ung'udza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ndinkaganiza kuti akunena alamu.

Anatuluka mnyamata wogulitsa mazira owiritsa, woonda, mikono ngati ndodo za nsungwi. Anaika thireyi pansi, kabotolo ka mchere ndi ka tsabola pambali, n'kuvula patapata. "Madala, ndisakupwetekeni koma." Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Atamukulunga matawulo anaima patsogolo panga, phazi lamanja kutsogolo.

Ndinaliona phazilo, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Mnyamatayo anali wamanzere.

Amene mumatsata nkhonya mukudziwa kale vuto lake. Shoulder roll inapangidwira chibakera chamanja cha munthu woima ngati iwe, chimene chimabwera kumbali kumene kuli phewa. Wamanzere chibakera chake champhamvu chimachokera mbali inayo, chimadutsa pakati penipeni, kumene kulibe phewa, kuli dzanja limodzi lokha. Hook yake yamanja nayo imadutsa pamwamba pa mkono wako wamanzere umene wautsitsa uja. Mayweather mwini wakeyo anavutika m'maraundi oyamba ndi Zab Judah mu 2006, mpaka anakweza manja onse awiri n'kuyamba kumutsata. Pali nkhani ya mapazinso. Wamanja ndi wamanzere akakumana, amene waika phazi lakutsogolo kunja kwa la mnzake ndiye watsegula msewu wa chibakera chake chakumbuyo. Oleksandr Usyk anamuzunza nazo Anthony Joshua kawiri konse, mu 2021 ndi mu 2022.

Zonsezi ndinkazidziwa. Koma anthu anali atazungulira kale, ndipo munthu amene wangonena kuti "wina aliyense" sangayambe kufunsa kuti mumadyera dzanja liti.

Mnyamatayo sanaphunzirepo nkhonya, koma phazi lake linapita lokha kunja kwa langa, n'kundipondanso chala chachikulu. Nditaona phewa lake likugwedezeka, thupi langa linachita zimene ndinali nditangophunzitsa anthu. Ndinapotoza chiuno kumanja, mwaukhondo, panthawi yake. Kunena zoona, pa ma roll onse a tsikulo imeneyi ndiyo inali yokongola. Kungoti kumanjako n'kumene chibakera chinkachokera, ndiye ndinachita kuchiperekera pakamwa.

Phaa!

M'makutu munalira, m'kamwa munamveka mchere. Tawulo la ometa silili ngati golovesi ya ma ounce 10, mafupa a zala amafika onse bwinobwino. Gumshield ndinalibe, choncho mlomo wam'mwamba unakumana ndi mano popanda mkhalapakati. Amayi a tomato anakuwa kuti "Mayo, wapha bambo a eni!" Wina kumbuyo anati, "Phewa lija lili kuti?"

Sindinagwe, ndipo ichi chilembedwe. Wankhonya wanzeru pulani yoyamba ikakanika amasintha, ndiye mutu wanga unathamangira ku Kinshasa, pa nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman ya pa 30 October 1974. George Foreman anali ataphwasula Joe Frazier ndi Ken Norton, aliyense m'maraundi awiri okha. Muhammad Ali, wa zaka 32, anaona kuti kuvina usiku wonse sangathe, n'kukatsamira zingwe. Anapendekera kumbuyo kwambiri kuti mutu utalikire, zigongono zikutseka nthiti, magolovesi kunkhope. Foreman akayandikira, Ali ankamukoka khosi kuti atope, n'kumamulasa ndi lamanja lolunjika akapeza mpata. Pofika raundi ya 8 mikono ya Foreman inali italema, ndipo Ali anamugwetsa. Anthu amaiwala kuti njira imeneyi imafuna nthiti zopirira ndi zingwe zokhoza kunyamula munthu.

Kumbuyo kwanga kunali mpanda wa bango.

Ndinabwerera m'mbuyo, n'kutseka nkhope, n'kuuza mnyamatayo kuti abwere. Kenako ndinatsamira ndi thupi lonse monga anachitira Ali. Zingwe za ringi zimakokedwa pa nsanamira zachitsulo m'makona anayi, ndipo ukazitsamira zimakubweza. Mpandawu unali womangidwa ndi linya, nsanamira zake chiswe chinali chitadya kale m'kati, kunja kutangotsala khungwa. Sunandibweze. Unangoti phwata, n'kupita nane limodzi.

Kuseri kwake mayi wina anali atayanika ufa woyera pamphasa. Ndinagwera pakati penipeni chagada, miyendo m'mwamba, ufa n'kuti fuu. Nkhuku zimene zinkazembera ufawo zinabalalika. Mnyamata uja sanaponyenso chibakera china, anangoima ndi matawulo ake akuyang'ana pamene panali mpanda.

Ndili pansi ndinamva ometa akuwerenga mokweza, chipeso chili m'mwamba, gulu lonse likuwathandiza. Atafika pa 10 anakweza dzanja la wamazira. Nthawi yomweyo mwini ufa anatulukira ndi mthiko.

"Bambo inu, ndi ukulu wanu womwewu? Ufa umenewu ndakonola, ndaviika, ndagayitsa ndi ndalama zanga, inu n'kudzagonapo?"

Ndinayesa kufotokoza za Kinshasa, koma mlomo unali utayamba kale kutupa ndipo mawu ankatuluka osamveka (ngakhale ine sindinkawamva bwino). Anandigwira kolala n'kundidzutsa, kenako anandiperekeza ndi mthikowo mpaka ndinadutsa pamene ndinalowera. Tinagwirizana kuti ndigula ndowa ya chimanga, ndilipira chigayo, ndi kubweretsa nsanamira zitatu zabulugamu. Alamu ndiwo anakhala mboni, ndipo anawonjezera okha kuti linyanso ndigule ine.

M'kona ya wankhonya mumakhala munthu wosamalira mabala, amene amadinda chotupa ndi kachitsulo kozizira kosungidwa mu ayezi, kudinda chabe osatikita. Ometa anathamangira kugolosale kukatenga botolo la Fanta, koma firiji inali itazima limodzi ndi magetsi, botolo linabwera lofunda. Ndinalidinda choncho pamlomo, kenako alamu anamwa.

Mlandu umene sunathe mpaka pano ndi wa kawerengedwe. Lamulo likunena kuti wankhonya akagwera kunja kwa ringi, pansi penipeni, amapatsidwa 20 osati 10. Ine ndinatuluka m'ringi, ndinakafika mpaka pakhomo pa munthu wina. Komanso sichinandigwetse chibakera, chinandigwetsa chiswe, ndipo refa wodziwa ntchito sakanawerenga n'komwe. Alamu, omwe aja olira kuti Douglas anapatsidwa nthawi yambiri ku Tokyo, akuti kwa ine 10 inachita kuchuluka. Akutinso lamulo lomwelo limafuna kuti ubwerere wekha popanda wokuthandiza, pamene ine anandidzutsa ndi mayi wa mthiko. Pamenepo ndinawauza kuti mthiko si thandizo.

Ndikukung'untha ufa m'makutu, wamazira anabwera kudzapepesa, thireyi ili kale paphewa. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanaponyere lamanja monga ndinaonetsera anthu.

"Lamanjali ndimanyamulira thireyi, madala, limakhala lotopa. Koma mukafuna mawa ndibwera nalo, ndikhala nditagulitsa."