Zikomo kwa malemu a Joy Morton ndi onse osamalira munda wa mitengo wa ku Lisle

Munda wa mitengo wa Morton Arboretum, womwe uli ku Lisle, makilomita pafupifupi 40 kumadzulo kwa mzinda wa Chicago ku America, unakwanitsa zaka 100 mu 2022. Ife amene timakhalira mbande ndi nazale tikuti zikomo kwambiri.

Tiyambe ndi a Joy Morton, omwe anayambitsa mundawu. Chuma chawo chinachokera mumchere. Mu 1911 kampani yawo inayamba kusakaniza magnesium carbonate pang'ono mumchere kuti usamaundane kukachita chinyezi, ndipo mu 1924 inayamba kugulitsa mchere wa ayodini woteteza ku chithokomiro. Mtima wokonda mitengo anatengera bambo awo, a J. Sterling Morton, omwe anayambitsa tsiku lodzala mitengo ku Nebraska mu 1872. Ali ndi zaka 67, a Joy anapatula maekala 175 kuti pakhale munda wophunzirirapo mitengo. Atamwalira mu 1934, mwana wawo, mayi Jean Cudahy, sanalole kuti ntchitoyo ife. Lero mundawu ndi wa maekala 1,700.

Chimene timayamikira kwambiri ndi kaundula. Mtengo uliwonse umalembedwa dzina, kumene mbewu yake inachokera komanso chaka chimene inafika. Phindu lake linaoneka pamene matenda a Dutch elm anapulula mitengo ya elm m'misewu ya ku America. Matendawa ndi a fangasi amene amanyamulidwa ndi tizikumbu toboola khungwa. Akalowa, njira zodutsa madzi mumtengo zimatsekeka, masamba amachita chikasu n'kufota, ndipo mitengo ikayandikana amadutsira m'mizu yolumikizana, mzere wonse n'kutha. Koma mtengo wina wa elm m'mundamu, wochokera ku mbewu za mu 1924 za ku Arnold Arboretum, munda wina wa mitengo wa ku Boston, sunagwidwe. A George Ware, katswiri wa mitengo wa pamunda wa ku Lisle, anauona, anaufufuza, ndipo lero ana a mtengowo akudzalidwa m'mizinda ndi dzina loti Accolade. Zikomo a Ware, komanso inu amene munkalemba ndi kumangirira timapepala ta maina zaka zonsezo popanda wokutchulani.

Tikuthokozanso alangizi a mundawu chifukwa chosatopa kubwereza za kadzalidwe. Dzenje likhale lotambalala kawiri kapena katatu kuposa dothi lomwe lagwira mizu, koma lisazame kuposa dothilo. Pamene tsinde layamba kukula kukhala mizu pazioneka pamwamba, chifukwa mukakwirira pamenepo mizu imasowa mpweya ndipo mtengo umafa pang'onopang'ono, mwiniwake n'kumaganiza kuti ndi chilala. Zophimbira nthaka mozungulira mtengo zikhale zochindikala masentimita 7 mpaka 10, zoyalidwa motambalala, koma zisakhudze tsinde. Ambiri amaunjika ngati chulu, khungwa n'kuyamba kuola.

Kwa ogwira ntchito ndi odzipereka onse amene mumathirira, kudulira ndi kusonkhanitsa mbewu ngakhale kuzizire chotani, tathokoza.